A Lameck, Ofunditsa Magalimoto

Amalawi a ku Indianapolis amawadziwa asuweni anga a Lameck ngati bambo ofunditsa magalimoto. Dzinalo ndinawapatsa ndine, ndipo sindikupepesa. Munthu wamkulu wa imvi m'ndevu, kumwamba kukangoda iye liwiro ndi mabulangeti kukafunditsa magalimoto a eni, mutu wake uli pamvula, inu mungamutchule kuti chiyani? Bambo awo anali mlongo wa mayi anga, choncho kuwaseka ndi ufulu wanga wobadwa nawo. Iwo amangondiyang'ana n'kunena kuti, "Chawezi, pakamwa pakopo padzakuika m'mavuto," kenako n'kupitiriza zimene akuchita.

Amagwira ntchito pamalo ena ogulitsira magalimoto pa Lafayette Road. Amatsuka magalimotowo, amawasuntha, amapopa matayala, kukazizira amawachotsa sinowo, chipale chofewa chija. Koma kuyambira mwezi wa Epulo mpaka kumapeto kwa Juni, chimene chimawasowetsa mtendere ndi matalala. Matalala a kuno si aja tinkatola tili ana n'kumaponya m'kamwa. Ena amakula ngati dzira la nkhuku, ndipo akagwera galimoto yatsopano amaisiya ili timaenje tokhatokha, magalasi atasweka. Galimoto yotero wogula amangoizungulira kamodzi n'kumapita.

A Lameck anayamba kudana ndi matalala kalekale. Anabadwira kwa Santhe ku Kasungu, m'banja lolima fodya. Chaka chimene anali mu Sitandade 7, fodya atakhwima, zigafa zitakonzedwa kale, matalala anagwa masana amodzi n'kuboola tsamba lililonse. Malume anga anayenda m'mundamo mzere ndi mzere, manja kumbuyo, mwana akuwatsata. Sukulu ya a Lameck inathera chaka chomwecho. Mpaka lero akamanena za matalala amanena ngati akunena munthu amene anawalakwira.

Atakula anapita ku Lilongwe kukaphunzira za magalimoto pa galaji ina ku Biwi. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi a Dixon. A Dixon anali a ku Ntcheu, aatali, olankhula mosapsatira, phwete lawo lomveka kutsidya kwa msewu. A Lameck ndi munthu wosunga mawu m'mimba. Anthu ankadabwa kuti awiriwa amacheza zotani, koma ankadyera mbale imodzi, ndipo jekete yopita nayo kutchalitchi inali imodzi, yosinthana. A Dixon ndiwo anayamba kubwera kuno ku America, ku South Bend, pamodzi ndi akazi awo a Chrissie ndi mwana wawo Melissa ali kamwana kongoyamba kulankhula. Sanakhazikike mtima mpaka mnzawo naye atabwera. Onse awiri anasiya masipanala n'kulowa ntchito imene ambiri a ife tinayambira, yosamalira okalamba ndi olumala. Ine pobwera ndinawapeza komweko, ndipo usiku wanga woyamba m'dziko lino ndinagona pabalaza pa a Dixon.

Imfa ziwiri zinawapeza a Lameck ali kutali, ndipo zonse anazimva monga timamvera kwathu. Ya bambo awo inawapeza ku Biwi. Uthenga unati madala adwala kwambiri, akukufuna, ufulumire. Anagula malalanje pa depoti kuti akapatse wodwala, koma atafika kwa Santhe anapeza adzukulu atamaliza kale kukumba. Ya mayi awo inawapeza ku South Bend. Akumudzi sanaimbire iwo, anaimbira a Dixon. A Dixon anapita kuntchito kwa mnzawoyo n'kumuuza kuti matenda a amayi akula, tiye kunyumba tikapemphere. Atafika anapeza mipando itatulutsidwa, azimayi atakhala pansi m'zitenje. Umu ndi mmene timachitira, ndipo ine sindinaonepo cholakwa. Munthu sumuuza za imfa ali yekha, ali ndi ulendo woti ayende.

A Lameck anakwatira ku South Bend komweko, ndipo poti kuno analibe m'bale wamwamuna, a Dixon ndiwo anakhala nkhoswe yawo. Banjalo silinayende. Si kuti ankamenya, kapena kumwa, kapena kuyendayenda. Vuto lawo linali kusowa pakhomo. Shifiti ya masana, shifiti ya usiku, Loweruka, Lamlungu, ndipo akabwera ankangokhala duu ngati mlendo wodikira basi. Mkazi atatopa anaitana ankhoswe. A Lameck ankayembekezera kuti nkhoswe yawo iwaikira kumbuyo, kapena ikawadzudzulira kumbali. Koma a Dixon anatsokomola pamaso pa akuchikazi onse n'kunena kuti, "Tisazungulire. Wolakwa ndi m'bale wangayu. Mayiwa akhala amasiye mwamuna ali moyo."

Banja linatha ndithu, mkazi anapita kwa abale ake ku Texas. Mu 2011 a Lameck analongedza katundu wawo m'galimoto n'kubwera kuno ku Indianapolis osatsanzika mnzawo. Ine ndinali nditasamukira kale ku Speedway, dera la ku Indianapolis konkuno, ndikugwira ntchito pachipatala. Ndinawauza maso ndi maso kuti akuchita zachibwana. Anandiyankha kuti nkhoswe imene imakuvula pagulu si nkhoswe. A Dixon anaimba foni kangapo osayankhidwa, mpaka analeka. Pamaliro ndi pamaukwati a Amalawi ankaonana, wina kuno wina uko, moni wongogwedeza mutu. Zinkandiwawa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti akusowana, koma aamuna awiri ouma mitu sungawakankhe.

Mphamvu zimene akanathera pa anthu, a Lameck anazithera pa magalimoto. Pamalo pawopo pali zofunditsira za mitundu itatu, ndipo ngati mukufuna kuti Lamlungu lanu lithe osadziwa, afunseni kuti chofulumira ndi chiti.

Adzayamba ndi mabulangeti. Ndi zinsalu zochindikala zokhala ndi siponji m'kati, galimoto iliyonse lake. Umalitulutsa m'thumba, kulitambasula, kuliponya padenga, kukoka kutsogolo, kukoka kumbuyo, kenako kugwada pansi kumanga malamba kunsi kwa galimoto. Mphepo ikamawomba bulangetilo limakukulunga iwe m'malo mwa galimoto. Kuti afunditse bwalo lonse motere, anthu awiri amatha theka la tsiku, mawondo atasupuka. Zilipo zina zopopa mpweya, za magalimoto odula okha. Umaziveka ngati bulangeti, kenako kamakina kamapopa mpaka galimoto itafufuma ngati chitumbuwa. A Lameck amati zimaoneka zanzeru koma zimadya nthawi kuposa mabulangeti, chifukwa umaima chilili kudikira kuti zidzaze, ndipo batire lake limasankha tsiku la mvula kuti lithe.

Ndiye pali ukonde. Mwini malowo, mzungu wachikulire wosachulutsa mawu, anaimika mizati yachitsulo ndi mawaya mu 2015. Maukonde amakhala opindidwa kumapeto kwa mizere, ndipo chenjezo likabwera umangowakoka pamawayawo ngati katani, magalimoto onse a mumzerewo n'kukhala kunsi. A Lameck ndi mnzawo wa pantchito, a Edmond a ku Burundi, amakoka maukonde onse ola lisanakwane. Aliyense anausangalalira ukondewu kupatula asuweni anga. Iwo amati ndi wa aulesi. Amati matalala akabwera chopendekeka ndi mphepo amalowera m'mbali, komanso bwalo lakuseri ukonde sufikako. Choncho akamaliza kukoka, amabwereranso ndi mabulangeti ku mizere ya m'mphepete ndi kuseri konse. Mwini wake ankawauza kuti asadzivute, inshulansi ilipo. Iwo ankayankha kuti chinthu chikaonongeka chaonongeka, kaya wina alipira kaya ayi.

Kumayambiriro kwa 2017 tinamva kuti a Dixon ali ndi khansa ya chiwindi. Ndinapita ku South Bend kukawaona. Thupi linali litatha, wotchi ikutsetsereka pamkono, koma pakamwa panali pomwepo.

"Msuweni wako uja akufunditsabe magalimoto?" anandifunsa. "Magalimoto a azungu akugona ofunda, mnzake ndikuzizidwa kuno."

Anaseka mpaka kutsokomola. A Chrissie anawapatsa madzi. Atapuma analankhulanso, koma tsopano mosaseka.

"Ukamuuze abwere, Chawezi. Pepani wake sindikumufuna, ndipo wanga sindimupatsa. Ndikungofuna ndimuone atakhala apa."

Uthengawo ndinaupereka kukhitchini kwanga ku Speedway, a Lameck atabwera kudzandikonzera mpopi wodontha. Anamvetsera mutu uli kunsi kwa sinki. Anatuluka, kupukuta manja, kukhala pampando.

"Ndipita," anatero.

"Liti?"

"Matalalawa akangodutsa. Panopa Edmond yekha sangamaneje."

Ndinawauza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kuti khansa sidziwa za nyengo ya matalala. Ndinkayembekezera kuti andikalipira. M'malo mwake anayang'ana pansi.

"Ukuganiza kuti sindikufuna? Mawu ndili nawo, Chawezi. Ndikufuna ndikamuuze kuti tsiku lija ankanena zoona. Ndakhala ndikuwayeseza ndekha m'galimoto popita kuntchito. Koma ndikangoganiza zoima pakhomo pake, miyendo ikukana."

Sindinawamvepo akulankhula chotero chibadwire changa. Ndinawamvera chisoni, ndipo tsiku limenelo sindinawaseke. Tinagwirizana kuti Loweruka lomaliza la mwezi wa Meyi tidzapitira limodzi, kuti miyendo ikakana ine ndidzawakoke. Ndinawaimbira a Chrissie kuwauza, ndipo nambala ya a Lameck ndinamupatsanso Melissa.

Loweruka limenelo silinafike. Linafika Lachinayi lina pakati pa mwezi, lotentha mochititsa thukuta, wailesi itachenjeza m'mawa kuti chakumadzulo kugwa matalala aakulu. A Lameck ndi a Edmond anali atangoyamba kumasula maukonde pamene foni inalira. Anali Melissa.

Melissa panthawiyi anali mtsikana wamkulu, akumaliza koleji. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo anatengera bambo ake: chimene wanena ndi chomwecho. Anawauza a Lameck kuti adadi adwala kwambiri, ali kuchipatala, akuwafuna, abwere nthawi yomweyo.

"Mayi ako ali kuti?" a Lameck anafunsa.

Anati ali pambali pa adadi, sangabwere pafoni.

"Nanga Dixon iyeyo?"

Anati sangathe kulankhula pafoni.

"Ndamva, mwana wanga," anatero a Lameck, n'kudula.

Uthenga umenewu anali ataulandirapo kale m'moyo wawo, ndipo ankadziwa chimene chimapezeka kumapeto kwake. Woimba ndi mwana wa pakhomo, mayi sakubwera pafoni, mwini wake sangalankhule. Sanakayike n'komwe. Anapita kuseri kwa galimoto ina, kukhala pansi pa phula, n'kulira. Kenako anandiimbira.

"Chawezi, Dixon wapita."

"Wakuuzani ndani?"

"Waimba mwana. Akuti matenda akula, ndifulumire. Ukudziwa wekha."

Ndinkadziwadi. Ndinakhala pansi pomwe ndinali, misozi ikutsika.

"Ukonzeke," anatero. "Utenge zofunda, tikagona konko. Ndikangofinisha kuno ndikupeza."

Ndinayang'ana pa gulu lathu la pa WhatsApp, panalibe uthenga. Ndinati akudikira kuti a ku Ntcheu amve kaye, monga kuyenera. A Chrissie sindinawaimbire, chifukwa munthu amene wangoferedwa kumene sumuimbira foni, umapita. Ndinapempha kuntchito kuti andimasule, ndinatulutsa chitenje chakuda ndi duku, ndinakagula shuga, masamba a tiyi ndi buledi wambiri.

Ku Lafayette Road, mwini malo uja anaona maso a a Lameck n'kufunsa chavuta. Atamva kuti ndi mnzawo wa ku South Bend, anati akoke maukonde ndi a Edmond basi, anyamuke, zakuseri azisiye. A Edmond nawonso anawakakamiza. A Lameck anakana. Anati palibenso chothamangira, anachedwa kale, ndipo maliro akawapeza. Pambuyo pake anandiuza kuti chinanso chinali mantha. Ankaopa kulowa m'nyumba ija, kuona a Chrissie atakhala pansi, anthu akucheuka kuti uja wabwera tsopano. Manja awo ankafuna chogwira.

Maukonde anamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Apo akanakwera galimoto. M'malo mwake anatsegula chipinda cha mabulangeti. Anayamba ndi mizere ya m'mphepete, kenako anapopa zija za magalimoto odula, kenako analowera kuseri. A Edmond anandiuza kuti sanawaonepo akugwira ntchito mosamala chotero. Lamba aliyense ankamukoka kawiri, ngodya iliyonse ankaisalaza ndi dzanja, misozi ikudontha pansalupo. Foni inalira kangapo m'thumba. Anaitulutsa, kuona dzina la Melissa, n'kuibweza. Anaganiza kuti akuluakulu afika ndipo amulola tsopano kuti anene zenizeni. Sanafune kuzimva atagwada kunsi kwa galimoto ya eni.

Anafika kwanga chakumadzulo, kumwamba kutada bii, mabuluku ali fumbi m'mawondo. Tinalowa mumsewu wopita kumpoto, wodzera ku Kokomo. Mvula inatipeza m'njira, kenako tinaisiya kumbuyo. Ulendowu ndi wa maola ngati atatu. Penapake ndinayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, iwo n'kulandira ndi mawu osasa. Penapake anandiuza za tsiku lina ku Biwi pamene a Dixon anawanyamula kumsana kupita nawo kuchipatala, jeke itaphonya galimoto n'kuwagwera paphazi. Anati, "Munthu anandibereka ngati mwana, ine n'kumukwiyira chifukwa cha mawu."

Titalowa mu South Bend tinalunjika kunyumba kwa a Dixon, poti maliro amakhala kunyumba. M'mwezi wa Meyi dzuwa la kuno limachedwa kulowa, ndiye kunali kukuwalabe. Titakhota kulowa mumsewu wawo ndinayamba kudabwa. Pamaliro a Mmalawi malo oimika galimoto umawasowa mpaka msewu wachiwiri. Apa panalibe galimoto ngakhale imodzi. A Lameck anatsika n'kugogoda. Zii. Ndinasuzumira pazenera. Mipando inali m'malo mwake, tebulo lili pakati, maluwa apulasitiki ali pamwamba pake. Ndinatulutsa foni n'kuimbira a Chrissie.

"Chawezi, muli kuti?" anatero. "Alamu ananyamuka?"

"Tili pakhomo panu, mayi."

"Pakhomo mukutanipo? Bwerani kuchipatala. Fulumirani, mwina angamvebe."

Ndinawauza a Lameck mawu amenewa monga ndinawamvera. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chiyankhulo china. Makiyi anagwa m'manja mwawo. Ndinawatola ine n'kuyendetsa, ndipo m'njira ndinavula duku n'kuliponya kumpando wakumbuyo, pamwamba pa buledi uja.

A Dixon tinawapeza akupuma. Bedi linali lokwezedwa kumutu, iwo atatsamira ngati munthu amene wakhala pansi kudikira alendo. Ndevu zinali zometedwa bwino. Sanavale chovala cha odwala chija, anavala shati yoyera ya kolala, mabatani onse atamangidwa. Maso anali otseka, kamwa lili yasa kunsi kwa chopumira. Pambali pa bedi panali mpando wopanda munthu, chonsecho m'chipindamo munali anthu oimirira.

Melissa ndi amene anatifotokozera, m'Chingerezi chake, mopanda ukali, ndipo bwenzi zitakhala bwinoko akanakalipa. Anati foni itadulidwa m'mawa muja anawauza adadi ake kuti ankolo anena kuti amva. A Dixon anagwedeza mutu, n'kuloza ndevu zawo. Anawameta. Analoza thumba la zovala. Anawaveka shati. Sanafune kuti mnzawo awapeze atagona ngati wodwala. Anamwino atabwera ndi mankhwala amphamvu a ululu, dokotala anali atanena kale kuti akayamba amenewo adzagona, ndipo mwina sadzadzukanso. A Dixon anakana. Anachotsa chopumira n'kunong'ona kuti ayambe wafika Lameck. Msewuwo ankaudziwa, ndipo ankayembekezera kuti chakudya chamasana chikamatha mnzawo akhala atalowa. Aliyense amene ankadutsa pakhonde, iwo maso kukhomo. Masana anadutsa. Ululu unakula mpaka anayamba kuluma nsalu. Melissa anaimba, osayankhidwa. Dzuwa litapendeka a Chrissie anagwada kuwapempha kuti alole, ndipo a Dixon anayang'ananso kukhomo, n'kuvomera ndi mutu.

Atamaliza, Melissa anawayang'ana a Lameck n'kunena kuti anawauza momveka kuti abwere nthawi yomweyo. Anafunsa kuti chimene sichinamveke ndi chiyani.

A Chrissie ndiwo anazindikira. Anayang'ana chitenje changa chakuda, anayang'ana alamu awo, n'kugwira pakamwa.

"Alamu, munkayesa kuti..." Sanamalize. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Mwanawe, kwathu uthenga wotere umabwera munthu atapita kale."

Melissa anafunsa kuti iye akananamiranji pa nkhani ngati imeneyi. Tonse akuluakulu tinali m'chipindamo tinayang'ana pansi.

A Lameck anakhala pampando uja. Anatenga dzanja la mnzawo m'manja awo onunkha mphira, n'kuwerama mpaka pakhutu.

"Dixon, ndine Lameck. Ndabwera, achimwene. Tsiku lija unkanena zoona."

Anadikira. Anabwerezanso. Namwino wina amene anali kukhomo anati alankhule ndithu, makutu ndiwo amatsalira kutseka. Mawu amenewa nanenso ndimawauza achibale a odwala kuntchito kwanga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndi oona kapena timangotonthozana nawo. Ndinayang'anitsitsa zala za a Dixon, ndikupemphera kuti chimodzi chokha chigwedezeke. Sizinagwedezeke. A Lameck sanachoke pampandopo, ndipo a Dixon anamwalira m'mawa mwake dzuwa litatuluka, osatsegulanso maso.

Mipando ya m'nyumba ija anaitulutsa a Lameck okha, umodziumodzi. Buledi wanga uja anadyedwa ndithu. Masiku onse a maliro asuweni anga anali pamiyendo, kukatenga anthu kubwalo la ndege, kukagula madzi, kutaya zinyalala. Palibe anawanena, ndipo ena achikulire anawauza kuti nawonso akanamva chimodzimodzi. Koma pepani sapoletsa chilonda. Ndinkawaona akamadutsa pafupi ndi Melissa akuchepetsa mapazi ngati akufuna kunena kanthu, kenako n'kupitirira. Mtsikanayo nayenso ankawapatsa tiyi ndi manja awiri monga anaphunzitsidwa, koma maso sankawakweza.

Tsiku lachiwiri la maliro mwini malo uja anaimba. Anati matalala anagwadi koopsa, anzake oyandikana nawo akulira, koma kwa iye ngakhale galimoto imodzi sinakhudzidwe, zakuseri zomwe. Anati sanaonepo wantchito wotere. A Lameck anamvetsera ataima panja pa nyumba ya maliro, anathokoza mwaulemu, n'kuzimitsa foniyo. Sanaiyatsenso mpaka titaika.

A Dixon tinawaika ku South Bend komweko, poti a Chrissie anafuna pafupi poti aziyenderapo. Pobwerera ku Indianapolis ankayendetsa a Lameck. Titapitirira Kokomo anayamba kulankhula okha, maso ali pamsewu. Anati akanangonyamuka atamaliza ukonde, akanamupeza maso ali otsegula. Anati ngakhale akanafunditsa mizere ya m'mphepete n'kusiya zakuseri, akanamupezabe. Anayamba kufotokoza galimoto imene ankaimanga malamba pa nthawi imene mnzawo ankaluma nsalu. Ndinawapempha kuti aleke. Analeka kwa kanthawi.

"Chawezi, ukanakhala iwe, ukanamva bwanji?"

"Ndinamva chimodzimodzi, asuweni. Munandiona ndi duku."

"Mwana uja analakwa?"

"Sanalakwe."

"Akwathu amene anatiphunzitsa zimenezi, analakwa?"

"Ankatiteteza."

Anagwira chiwongolero mwamphamvu.

"Ndiye ndikwiyire ndani?"

Anaimitsa galimoto pambali pa msewu, pafupi ndi munda wa chimanga chongomera kumene, n'kundipempha kuti ndiyendetse ine.